MLOMO UKAGUNDA WOKHA: KODI NDI MALODZA?

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kamene ambiri a ife tinakamvapo m'thupi mwathu. Munthu ali khale pakhonde madzulo, osalankhula, osadya, ndipo mwadzidzidzi amva mlomo wace ulikugunda wokha, monga ngati kacirombo kalowa pansi pa khungu. Akaugwira ndi cala uleka, akacotsa cala uyambanso. Palibe kuwawa, palibe mwazi, ndipo kawiri kawiri wokhala naye pafupi saona kanthu. Koma mwini mlomo mtima wace uyamba kufunsa, Kodi cimeneci cirikundiuza ciani?

Mayankho a funso limeneli tinawamva tiri ana. Ena anati ukagunda mlomo wapamwamba udzadya nyama. Ena anati pali anthu alikukunena kuseri. Ena anati ukagunda wapansi udzalira maliro, kapena udzakangana ndi mbale wako. Ndipo kugundako kukapitirira masiku, panali ena amene anati pali munthu wakuponyera mankhwala. Sitilemba izi kuti tiseke makolo athu, iai. Anali anthu openyetsetsa, odziwa mitambo ya mvula ndi mapazi a zirombo koposa ife. Koma pa nkhani iyi tiyenera kufunsa bwino, pakuti yankho limene munthu apatsa mlomo wace likhoza kutsitsa mtima wace, likhozanso kupasula nyumba ya mnzace.

Mitundu yina itani?

Tisaganize kuti ndife tokha amene tinayesa kugunda kwa thupi uthenga. Agriki akale anali ndi buku la nkhani yomweyi, limene analicha dzina la mlauli wao wina, Melampus. M'menemo anandandalika ziwalo kuyambira kumutu kufikira kumapazi, ndi tanthauzo la kugunda kwa ciwalo ciri conse. Ku China kuli mau akale akuti diso lamanzere likagunda ndi cuma, lamanja likagunda ndi tsoka. Ku India ambiri anena kuti kwa mwamuna diso lamanja ndilo la mwai, koma kwa mkazi mwai uli ku lamanzere. Tsono taonani: amuna awiri, wina wa ku China, wina wa ku India, onse diso lamanja lirikugunda, mmodzi alikuopa, mnzace alikukondwera. Nanga thupi la munthu si limodzi kodi?

Cizindikiro coona sicisintha ndi mtundu wa anthu. Utsi utanthauza moto kwa munthu wa cinenero ciri conse, cifukwa utsi ucokera kumoto. Phazi la fisi m'matope litanthauza fisi, cifukwa fisi ndiye anapondapo. Pali cingwe comanga cizindikiro ndi cinthu cimene cirikulozedwa. Koma ndi cingwe cotani cimene cimanga mlomo wathu ndi maliro a kutsidya kwa mtsinje? Tikacifuna sitidzacipeza. Cingwe cimene ciripo ciri m'kati mwa thupi momwemo, ndipo cimeneco tikhoza kucilondola.

Cimene cigwedeza mlomo

Yense amene anasenda mbuzi adziwa kuti nyama yongophedwa kumene igunda yokha pa tsamba, mbuziyo itafa kale. Ana onse adziwa mcira wa buluzi, kuti ukaduka ubvina wokha pansi mwini wace atathawa. Palibe anena kuti mcira umenewo ulikulosera maliro. Tidziwa kuti ndi cibadwa ca mnofu kukoka ndi kuleka, ndi kuti nthawi zina ucita comweco popanda woutuma. M'caka ca 1791 munthu wanzeru wa ku Bologna, m'dziko la Italy, dzina lace Luigi Galvani, anafalitsa zimene anaona pa miyendo ya acule akufa: mphamvu ya magetsi ikakhudza mtsempha, mwendo unali kudumpha monga wamoyo. Ena anatsata njira imene iye anatsegula, ndipo lero cidziwika kuti mau ocokera ku ubongo kunka ku minofu ayenda m'mitsempha monga kamphamvu kakang'ono ka magetsi, ngati uthenga woyenda pa lamya.

Mitsempha imeneyi si ija ya mwazi. Ndi yina, yoyera, yonga ulusi. Kucokera m'mutu ituruka iwiri iwiri magulu 12, ndipo gulu lacisanu ndi ciwiri ndilo lilamulira minofu ya nkhope. Mtsempha umenewu uturuka m'cigaza pansi pa khutu, mbali iri yonse wace, nugawikana monga mizu ya mtengo kunka pamphumi, kucikope, kutsaya ndi kumilomo. Dotolo wa ku Scotland, Charles Bell, ndiye analongosola nchito yace m'caka ca 1821. Ndipo kuzungulira pakamwa pali mnofu wonga mkombero, umene utseka milomo pamene tiyamwa, tiomba mluzu, kapena tichula mau. Tsono kanthambi kamodzi ka mtsempha uja kakatekeseka, katumiza mau amene ubongo sunatume, ndipo kacigawo ka mnofu kamvera, nikagunda. Ndico cimene timva pamlomo.

Zotekesa mtsempha zimene ziri zazing'ono

Kawiri kawiri cifukwa cace ndi copepuka. Coyamba ndi kutopa ndi kusowa tulo. Wocezera usiku kusankha fodya, wogona kudambwe la mpunga kuingitsa mbalame m'mamawa, mai wocezera ndi mwana wodwala, onsewa asadabwe akamva cikope kapena mlomo ulikugunda.

Caciwiri ndi nkhawa ndi mantha. Mtima ukakhala m'mwamba cifukwa ca ngongole, mlandu kapena matenda a m'nyumba, thupi lonse likhala ciriri monga la munthu wokonzeka kuthawa, ndipo minofu yaing'ono ya kunkhope ndiyo iyamba kuonetsa.

Cacitatu ndi zakumwa. M'tiyi, m'khofi ndi m'zakumwa zina za m'botolo muli mankhwala ochedwa kafeini, amene acotsa tulo nadzutsa mitsempha. Kapu imodzi kapena ziwiri siibvuta anthu ambiri; koma womwa tiyi wakuda bii tsiku lonse akhoza kumva manja kunjenjemera ndi mlomo kugunda. Fodya acita cimodzimodzi. Mowa, makamaka kacasu, uononga mitsempha pang'ono pang'ono. Ndipo munthu wozolowera kumwa kwambiri akaleka mwadzidzidzi, thupi lace linjenjemera masiku oyamba, nthawi zina koopsya kofuna cipatala.

Cacinai ndi kucepa kwa micere yina m'mwazi. Si mcere wa m'ndiwo wokha umene thupi lifuna; pali yina imene madotolo aicha potaziyamu, kashiamu ndi magineziyamu, ndipo popanda iyo mtsempha ndi mnofu sizimvana bwino. Micere imeneyi itayika munthu akatsegula m'mimba kapena kusanza masiku angapo, ndiponso ndi mankhwala ena okodzetsa. Ipezeka m'zakudya zathu zomwe: nthoci, mbatata, nyemba, nsinjiro, masamba monga nkhwani ndi bonongwe, mkaka, ndi usipa kapena matemba odyedwa ndi minga yomwe.

Kugunda kocokera ku zinthu zinai zimenezi kubwera ndi kupita, ndipo kutha kokha m'masiku owerengeka munthu akagona mokwanira, akacepetsa tiyi ndi fodya, nadya bwino.

Zifukwa zina zazikuru

Koma tikaleka pomwepa tidzakhala tanena theka la coonadi. Nthawi zina mlomo ulozadi matenda, ndipo munthu wanzeru ayenera kuwadziwa.

M'khosi, kuseri kwa ciwalo cija cimene cikatupa ticha cithokomiro, muli tiziwalo tinai tating'ono timene tiyang'anira kashiamu m'mwazi. Tikafooka, monga zicitika nthawi zina munthu atacitidwa opaleshoni ya cithokomiro, milomo ndi zala zicita dzanzi, ndi minofu ikokana. Dotolo wa ku Vienna, Franz Chvostek, anaona m'caka ca 1876 kuti munthu wotere ukamgogoda ndi cala patsogolo pa khutu, ngodya ya pakamwa pace idumpha. Ndipo madotolo ayesabe motero.

Pali ena amene mtsempha wa mwazi ugona pa mtsempha wa nkhope m'kati mwa cigaza, nuukanikiza. Otere kugunda kuyamba kucikope, ndipo popita miyezi kapena zaka kutsikira kutsaya ndi kumlomo, mbali imodzi yokha. Palinso mankhwala ena a nthenda ya misala amene, akamwedwa nthawi yaitali, acititsa milomo ndi lilime kuyenda zokha monga munthu alikutafuna. Wotere asaleke mankhwala pa yekha, koma abwerere kwa amene anampatsa. Pali ana amene aphethira, kukwinya nkhope kapena kuturutsa mau osafuna, kawiri kawiri, nthenda imene Georges Gilles de la Tourette anailongosola ku Paris m'caka ca 1885. Mwana wotere sacita mwano, ndipo kummenya sikumciritsa. Mwa okalamba muli nthenda imene James Parkinson wa ku London anailemba m'caka ca 1817, yonjenjemeretsa dzanja, cibwano ndi milomo munthu ali phee, ndi kucedwetsa mayendedwe ace. Ndi khunyu lomwe, kwa ena, liyamba ndi kugwedezeka kwa mbali imodzi ya pakamwa.

Ndipo pali nthenda imene ichedwa ndi dzina la Bell uja. Mtsempha wa nkhope utupa m'njira yace yopapatiza ya m'fupa, ndipo munthu adzuka m'mawa pakamwa patakhota, madzi alikutayika pomwa, diso la mbali imeneyo losatsinzina. Iopsya poiona, koma ambiri acira m'masabata kapena m'miyezi yowerengeka. Ndipo mankhwala ace athandiza koposa akayambidwa m'masiku atatu oyamba. Koma pakamwa pakhotanso ndi nthenda yina yoopsya, ya kufa ziwalo, pamene mtsempha wa mwazi watsekeka kapena waphulika mu ubongo. Iyo ibwera kawiri kawiri ndi kufooka kwa dzanja kapena mwendo, ndi lilime kulemera. Kusiyanitsa ziwirizi si nchito ya pamudzi. Cifukwa cace tinena motsimikiza: pakamwa pakakhota, dzanja likafooka, mau akasokonezeka, munthuyo apite kucipatala nthawi yomweyo, osadikira kuca. Ndipo kugunda kukapitirira masabata, kapena kukafalikira kunkhope, apitenso akamuone. Safunsa anadya phula.

Nanga bwanji malodza aoneka ngati oona?

Wina adzati, Koma ine mlomo unagunda, ndipo mawa lace ndinamva za maliro. Sitikana kuti zinacitika. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Pa mudzi waukuru, pamodzi ndi abale a kucikamwini ndi a kutali, ndi mwezi uti umene upita osamva za maliro, kapena mkangano, kapena nyama? Mlomo ukagunda lero, cimodzi mwa izi cidzafika ndithu posacedwa, ndipo cikadafika ngakhale mlomo ukadakhala cete. Tsono mtima wa munthu uli ndi cizolowezi ici: usunga tsiku limodzi lija pamene zinakomana, nuiwala masiku makumi pamene mlomo unagunda ndipo sipanaoneke kanthu. Uiwalanso maliro ambiri amene anatigwera mlomo uli phee. Makolo omwewo anaciona ici, pakuti ndiwo anati tsoka silinunkha.

Palinso msampha wina. Tanena kuti mantha atekesa mtsempha. Munthu akakhulupira kuti mlomo wace ulikulosera coipa, aopa, akaopa sagona, akapanda kugona mlomo ugunda koposa, ndipo iye ati, Taonani, cizindikiro cirikukula. Potero munthu asonkhezera yekha moto umene ulikumuocha.

Cimene tinaona ndi maso

Tikadaleka nkhaniyi ngati kutayika kwace kukadakhala tulo tokha. Koma zaka zapitazo, pa mudzi wina pamene tinali kuphunzitsa kalasi, panali mwamuna wa mphamvu zace, wa ana anai. Mlomo wace unagunda masiku angapo, ndipo anzace anamuuza kuti pali wina alikumnena. Tsiku lina anadzuka pakamwa patakhota, diso losatseka. Abale ace sanapite naye kucipatala, anapita kukaombeza. Ula unagwera mai wina wamasiye, nkhalamba, amene anakangana naye caka catha za malire a dimba. Anamswera miphika, namgwetsera nkhokwe, nampitikitsa. Iye anakakhala kwa mdzukulu wace kutsidya kwa mtsinje. Patapita masabata asanu ndi limodzi pakamwa pa mwamuna uja panaongoka, ndipo mudzi wonse unati, Mwaona? Tacotsa mfiti, munthu wacira.

Tsopano tidziwa kuti inali nthenda ija ya mtsempha wa nkhope, imene ikadapola ngakhale gogo uja akadakhala m'nyumba mwace. Koma pa nthawi imeneyo sitinadziwe, ndipo tibvomera ndi manyazi kuti ifenso tinakhala cete. Tinali ndi cikaiko mumtima, koma tinaopa kuti tikamuimira adzati tidya naye. Mai uja sanabwerenso. Anamwalira kwa eni, ndi dzina loipa limene sanalipalamule. Tinaphunzitsa ana a pa mudzi umenewo kuwerenga, koma pa tsiku limene mau athu anafunika milomo yathu inatsekeka.

Zotere si za mudzi umodzi. Lamulo la boma la caka ca 1911 linaletsa kumwetsa mwabvi ndi kuloza munthu kuti ndi mfiti. M'zaka za m'ma 1930 anthu a mcape anayenda m'midzi yambiri nalonjeza kuti atha ufiti wonse, koma kulozana zala sikunathe. Ndipo m'caka ca 2016, m'boma la Neno, okalamba anai anaphedwa ndi anthu a kwao pamene mphenzi inapha mtsikana. Njira yace ndi imodzi: cinthu cacitika cimene sitidziwa cifukwa cace, ndipo m'malo mofuna cifukwa tifuna munthu. Ndipo munthu amene apezeka sakhala mwini mphamvu kapena mwini cuma; akhala wamasiye, nkhalamba, wopanda womuimira. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe; tonse tirikukalamba.

Kodi thupi silicenjeza?

Mbale wina anatifunsa, Kodi Mlengi sangathe kucenjeza munthu ndi thupi lace? Tiyankha kuti thupi licenjezadi, ndipo ndi cifundo cacikuru kuti litero. Koma mthenga ameneyu anena za kwao kokha. Ludzu linena za madzi, njala inena za nsima, ndipo mlomo wogunda unena kuti wagona pang'ono, wamwa tiyi wambiri, wasenza nkhawa wekha, kapena pali nthenda yofuna dotolo. Za mawa, ndi za mumtima mwa mnansi, mnofu suzidziwa. Amene afunsa mlomo za mnansi wace alakwa kawiri: anamizira wosalakwa, ndiponso ataya uthenga weni weni umene thupi linali kumpatsa. Mwamuna uja anataya masiku atatu a mankhwala pa khomo la woombeza. Ikadakhala nthenda ya kufa ziwalo, akadataya moyo. Ndipo ife a mu Mpingo tidziwa kuti buku la Deuteronomo, mutu 18, liletsa kuombeza ndi kusamalira malodza. Kale tinayesa lamulo limeneli lolemetsa. Tsopano tiona kuti liri ngati mpanda wochinjiriza ofooka.

Sitinena kuti tidziwa zonse. Madotolo omwe nthawi zina apima munthu osapeza cimene cagwedeza mlomo wace. Koma kusadziwa si cilolezo ca kuloza cala. Munthu woona mtima akhoza kunena kuti, Sindidziwa, nadikira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuyenda kuwiri kwa mlomo

Potsiriza tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali kuyenda kwa mlomo kumene sitinakutume. Kumeneko kulibe mlandu, ndipo sikunaphe munthu ndi kale lonse. Palinso kuyenda kwa mlomo kumene tikutuma tokha: kunong'ona kumtondo, kuchula dzina la nkhalamba pa maliro, kubvomereza bodza cifukwa onse alikubvomereza. Ndi kutseka mlomo komwe, pamene tiyenera kulankhula, ndi nchito imene tiituma tokha. Codabwitsa ndi ici, kuti tiopa kwambiri koyamba kuja, kumene sikungaticite kanthu, ndipo kwaciwiriku, kumene kunapasula nyumba ya mai wamasiye, tikucita osaopa.

Cifukwa cace, abale, mlomo ukagunda usiku uno, dzifunseni mafunso awa: Ndagona bwanji masiku ano? Ndamwa ciani? Ndadya ciani? Ndi nkhawa yanji imene ndirikusenza, ndipo ndingaiuze yani? Kukapitirira, kapena nkhope ikakhota, njira ya kucipatala muidziwa. Ndipo mukamva pa mudzi panu kuti dzina la munthu layamba kuchulidwa cifukwa ca nthenda ya mnzace, musacite monga tinacita ife. Pitani kwa mfumu ndi kwa akuru a Mpingo tsiku lomwelo, mutenge wodwalayo kunka naye kucipatala, ndipo madzulo mukakhale pakhonde pa wonenedwayo, poyera, kuti onse aone kuti ali ndi abale.